Momwe amisiri oima paokha amapezera ntchito m'chigwa cha Domasi

Mmisiri woima payekha ndi munthu amene ali ndi luso la ntchito yamanja koma sadalembedwe ntchito ndi kampani kapena boma. Pakutha pa mwezi palibe malipiro omuyembekezera. Pakhomo pake pamafuka utsi pokhapokha wina akamuitana. M'gululi muli omanga nyumba, akalipentala, owotcherera zitsulo, atelala, apulambala, olumikiza magetsi, okhoma ndowa ndi mbaula, okonza njinga zakapalasa ndi zamoto komanso okonza mijigo.

Anthu otere si ochepa. Kafukufuku wa zantchito yemwe ofesi ya National Statistical Office, yomwe likulu lake lili ku Zomba, idachita m'chaka cha 2013 adapeza kuti anthu 89 mwa 100 aliwonse ogwira ntchito m'dziko muno ali pa ntchito zosalembedwa m'mabuku. Kwa mmisiri wa m'chigwa cha Domasi, tanthauzo la chiwerengerochi ndi losavuta kumva: opikisana naye ndi ambiri, ndipo eni ndalama ndi owerengeka.

Dera lake ndi eni ndalama

Domasi ali pa msewu wa M3 wochoka ku Zomba kupita ku Liwonde, makilomita osapitirira 20 kumpoto kwa mzinda wa Zomba. Mtsinje wa Domasi umatsika kuchokera m'mapiri a Zomba ndi Malosa n'kukathira m'nyanja ya Chilwa. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 746,724 m'boma la Zomba, osawerengera anthu 105,013 a mumzinda.

Chomwe chimasiyanitsa derali ndi madera ena akumudzi ndi kuchuluka kwa mabungwe akale omwe ali ndi nyumba zambiri. Mishoni ya Domasi idatsegulidwa m'chaka cha 1884 ndi Alexander Hetherwick wa mpingo wa Church of Scotland. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 boma la atsamunda lidatsegula sukulu ya Jeanes, komwe aphunzitsi ndi akazi awo ankaphunzira ulimi, ukhondo ndi ntchito zamanja kuti akaphunzitse anzawo kumidzi, ndipo kuyambira 1949 derali ndilo lidasankhidwa kuyeserapo ndondomeko ya chitukuko cha kumidzi yotchedwa Domasi Community Development Scheme. Lero kuli Malawi Institute of Education, yomwe idakhazikitsidwa mu 1979 n'kuyamba ntchito mu 1982, kuli Domasi College of Education yomwe idayamba mu 1993, kuli malo a boma ofufuzira za ulimi wa nsomba, chipatala ndi ndende. Kupitirira pang'ono, ku Malosa, kuli chipatala cha St Luke's ndi sukulu ya sekondale, zonse za mpingo wa Anglican.

Nyumba zakale zimadontha, mipope yake imaphulika, zitseko zake zimadyedwa ndi chiswe. Ntchito zikuluzikulu m'mabungwewa zimapita kwa makontirakitala, nthawi zambiri ochokera ku Blantyre kapena mumzinda wa Zomba, koma kontirakitala sanyamula amisiri onse pagalimoto. Amafuna anthu a pamalopo omwe sadzafuna malo ogona. Mmisiri amene kapitawo wa kontirakitala ali ndi nambala yake ya foni ndiye amaitanidwa poyamba. Ndipo ogwira ntchito m'mabungwewa, aphunzitsi, anamwino ndi alembi, ndi anthu olandira malipiro mwezi ndi mwezi omwe ambiri amagula malo n'kumanga pang'onopang'ono pokonzekera kupuma pa ntchito. Amenewa ndiwo makasitomala okhazikika kwambiri m'chigwachi.

Gulu lachiwiri ndi alimi ndi ochita malonda. Kumunsi kwa mtsinje, cha kumbali ya Machinga, kuli sikimu ya mpunga ya Domasi ya mahekitala pafupifupi 500, yomwe idatsegulidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 mothandizidwa ndi akatswiri a ku Taiwan. Ndalama za mpunga ndi za nsomba za ku Chilwa zimasanduka malata, simenti ndi mipando. Zimabwera nthawi imodzi ndipo zimatha msanga.

Gulu lachitatu sililipo n'komwe pamudzi. Ndi anyamata ndi abambo omwe ali ku Joni, amene amatumiza ndalama kudzera ku Mukuru ndi makampani ena otere kuti awamangire nyumba kwawo.

Ntchito imayenda ndi nyengo

Womanga nyumba amatanganidwa kuyambira mwezi wa May mpaka October, pomwe mvula yaleka, anthu akolola ndipo njerwa zikutheka kuumba. Mvula ikayamba mu November ntchito yomanga imachepa, koma ndi nthawi yomwe madenga amasasuka, zimbudzi zimagwa ndipo ngalande zimafunika kukonza. Mmisiri amene amadziwa kumanga kokha amakhala manja lende miyezi inayi kapena isanu; amene amathanso kukhoma denga amapezako kangachepe ka m'miyezi ya njala.

Telala ali ndi kalendala yake. Sukulu zimatsegulira chaka chatsopano mu September, ndipo mayunifolomu amafunika masabata angapo tsikulo lisanafike. Tchuthi chachitali chapatsogolo pake ndi nyengo ya zinamwali, pomwe makolo amasoketsa zovala zatsopano za ana otuluka ku simba. Poti m'derali muli Asilamu ambiri, masiku otsiriza a mwezi wa Ramadan amadzaza mashini ndi nsalu monga momwe Khirisimasi imachitira. Telala wochenjera sadikira kuti makolo abwere okha: amakalankhula ndi mphunzitsi wamkulu kapena komiti ya sukulu teremu isanathe, atanyamula yunifolomu imodzi yosokasoka yoti aione.

Nyanja ya Chilwa nayo imalamulira matumba a anthu. Idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo idatsala pang'ono kutheratu mu 2018. Zikatero asodzi ndi ogulitsa nsomba amaleka kumanga, ndipo mmisiri amene makasitomala ake onse ndi a kunyanja amaphwa nayo limodzi.

Mbiri ya mmisiri

Njira yaikulu yopezera ntchito ku Domasi, monganso kwina kulikonse m'dziko muno, ndi pakamwa pa anthu. Munthu akafuna kumanga sayang'ana chikwangwani. Amafunsa mnzake kuti nyumba yake adamumangira ndani. Nkhani zoterezi zimakambidwa pamaliro, paukwati, potuluka m'tchalitchi kapena mumzikiti, ndi masiku a msika ku Songani. Khoma lowongoka lomwe lili m'mbali mwa msewu limalengeza malonda a womanga wake kwa zaka zambiri popanda kulipira kanthu, ndipo khoma long'aluka limachitanso chimodzimodzi.

Komabe chomwe chimagwetsa amisiri ambiri si kuchepa kwa luso. Dandaulo lomwe limamveka kawirikawiri kwa eni ntchito ndi lakuti mmisiri adalandira ndalama yoyambira n'kusowa. Kawirikawiri nkhani yake imayenda motere: kalipentala walandira theka la mtengo wa bedi, ndalamayo wagulira chimanga kapena walipirira mwana sukulu, ndiye kuti agule matabwa a bediyo akuyenera kulandira dipoziti ya kasitomala wina. Pakutha pa miyezi itatu ali ndi ngongole ya ntchito kwa anthu asanu, ndipo akamva foni ikulira amaizimitsa. Sadabe mwadala, koma kwa kasitomala kusiyana kwake n'kochepa, ndipo nkhani zina zotere zimakathera kwa mfumu, kupolisi kapena kubwalo la majisitireti. Mmisiri amene amasunga ndalama ya zipangizo padera ndi ndalama ya thukuta lake amapewa msampha umenewu. Ena amachita bwino kwambiri pouza mwini ntchito kuti akagule yekha zipangizo, iwo n'kumuperekeza kuti asamugulitse matabwa aawisi.

Pali zinthu zinanso zing'onozing'ono zomwe anthu amazikumbukira kuposa kukongola kwa ntchito. Kufika tsiku lomwe adagwirizana. Kuimba foni ngati walephera. Kubweza simenti ndi misomali yotsala mwini wake asanafunse. Kubwereranso kudzakonza pomwe padontha mvula yoyamba popanda kulipiritsanso. Chomalizachi chimaoneka ngati kutaya tsiku, koma ndi tsiku lomwe anthu oyandikana nawo amaona mmisiri ali padenga n'kufunsa dzina lake.

Kwa kasitomala wa ku Joni, kukhulupirika ndiko katundu weniweni amene akugula. Ambiri mwa iwo adamvapo, kapena zidawachitikira, za munthu yemwe adatumiza ndalama zaka zitatu n'kudzapeza maziko okha atamera udzu. Womanga amene amatumiza zithunzi pa WhatsApp pa gawo lililonse, maziko, pawindo, lintala ndi denga, pamodzi ndi malisiti a kusitolo, amasanduka mmisiri wa gulu lonse la anthu akumudzi kwawo omwe akukhala limodzi ku Johannesburg kapena ku Cape Town. Chovuta pa ntchito zotere chimakhala m'bale wotsala pamudzi amene ndalama zimadzera m'manja mwake. N'chifukwa chake amisiri ozindikira amapempha kuti malipiro awo azibwera mwachindunji pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, pomwe uthenga wa pafoni umakhala umboni wa tsiku ndi kuchuluka kwa ndalama.

Kutchula mtengo

Mu May 2022 ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 idachepetsedwanso ndi 44 peresenti, pomwe dola imodzi ya America idachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 m'mabanki. Simenti, malata, zitsulo, penti ndi mawaya a magetsi zidakwera mtengo m'masiku ochepa. Amisiri omwe adali atagwirizana mtengo umodzi wa ntchito yonse, zipangizo ndi thukuta pamodzi, adamaliza ntchitozo ndi ndalama za m'thumba mwawo kapena adazithawa.

Kotesheni yolembedwa bwino imateteza mbali zonse ziwiri. Imalekanitsa mtengo wa zipangizo ndi mtengo wa ntchito, imatchula kuchuluka kwa chilichonse, imanena masiku omwe mitengoyo ikhale ikugwira ntchito, komanso imagawa malipiro potsata magawo a ntchito m'malo mwa masiku. Siyifuna kompyuta. Tsamba la m'kope losainidwa ndi anthu awiriwo ndi mboni imodzi, aliyense n'kulijambula pafoni, ndi lokwanira kuthetsa mkangano womwe ukadatha mwezi pabwalo la mfumu.

Kutsitsa mtengo kuti alande ntchito kwa mnzake ndi chida chomwe amisiri achinyamata amathamangira. Chimagwira ntchito kamodzi. Amene watchula mtengo wosakwanira amakakamizika kuthamanga, kuchepetsa simenti m'matope kapena kusiya ntchito pakati kuti akagwire ina, ndipo mwini nyumba sadzakumbukira kuti adalipira zochepa. Adzakumbukira pulasitala yemwe akugwa.

Mapepala omwe amatsegula zitseko

Amisiri ambiri a m'derali adaphunzira ntchito poyang'ana amalume awo kapena poyamba ngati othandizira kusakaniza matope. Kwa kasitomala wa pamudzi zimenezi n'zokwanira. Kwa sukulu ya boma, chipatala, khonsolo kapena bungwe lomwe si la boma, pamafunika pepala.

Kwa zaka zambiri unduna wa zantchito wakhala ukuyesa amisiri mayeso a trade test, kuyambira giredi 3 mpaka giredi 1 yomwe ndiyo yapamwamba. Bungwe la TEVETA, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999 ndipo limayendera ndalama ya 1 peresenti ya malipiro a antchito yomwe olemba ntchito amapereka, lili ndi ndondomeko ya Recognition of Prior Learning, yoyesa ndi kupereka satifiketi kwa anthu omwe adaphunzira luso kunja kwa sukulu. M'boma la Zomba lomweli muli Nasawa Technical College, ndipo kuyambira 2015 boma lakhala likutsegula makoleji a ntchito zamanja a m'madera.

Olumikiza magetsi nkhani yawo ndi yokhwimirapo. Amafunika chilolezo cha bungwe la MERA, ndipo ESCOM imafuna umboni woti mawaya a m'nyumba adaikidwa ndi munthu wovomerezeka isanalumikize nyumbayo. Wopanda chilolezo amagwira ntchito pansi pa dzina la mnzake, ndipo gawo la phindu limapita kwa mwini dzinalo.

Amene akufuna kulandira ntchito za boma m'dzina lake amayamba ndi kulembetsa dzina la bizinesi ku boma, kutenga nambala ya msonkho ya TPIN ku MRA ndi kutsegula akaunti ya kubanki ya bizinesiyo. Womanga amalembetsanso ku bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1996 pansi pa dzina la NCIC ndipo limaika makontirakitala m'magulu potengera kukula kwa ntchito yomwe angaithe. Kenaka pali bungwe la PPDA, lomwe lidabwera ndi lamulo la 2017 loyendetsera kagulidwe ka katundu ndi ntchito m'boma. Mu 2020 boma lidatulutsa lamulo lapadera lopatula zina mwa ntchito zimenezi kuti zizipita kwa mabizinesi ang'onoang'ono. Mipando ya m'sukulu, mayunifolomu ndi ntchito zokonza nyumba ndi zina mwa zomwe mmisiri wa kumudzi angapikisane nazo.

Mapepala onsewa amadya ndalama ndi maulendo, ndipo si mmisiri aliyense amene angapindule nawo. Wokhoma ndowa pa Songani safunika satifiketi ya PPDA. Koma akalipentala anayi kapena asanu akalembetsa gulu limodzi, amagawana mtengo wa mapepalawo ndipo amatha kulandira oda ya madesiki 100 yomwe mmodzi sakadaimaliza pa nthawi yake. Mutu umodzi susenza denga, ngakhale kuti magulu otere ambiri amasweka pa tsiku logawana ndalama ngati sadalembe poyamba kuti aliyense adzalandira zingati.

Pafupi ndi mudzi pali ntchito zina zomwe sizilengezedwa m'nyuzipepala. Thumba la chitukuko cha m'dera la phungu la CDF, lomwe lidayamba mu 2006, limamanga milatho ing'onoing'ono, zipinda zophunziriramo ndi nyumba za aphunzitsi. Sukulu za pulaimale zimalandira ndalama zokonzera zinthu zomwe komiti ya sukulu imayendetsa. Zokambirana za ntchito zoterezi zimayambira m'makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC, ndipo mmisiri amene safika pa misonkhano ya m'mudzi amazimva njerwa zitafika kale pamalo. Ndale zimalowererapo ndithu pa kagawidwe kake, ndipo amene wadziwika kuti ndi mmisiri wa chipani chakutichakuti amadya zaka zisanu n'kugona ndi njala zaka zisanu zotsatira.

Luso lomwe likufunidwa tsopano

Mu 2018 boma lidaletsa kugwiritsa ntchito njerwa zootcha pa zomanga za boma, za mabungwe ndi za malonda pofuna kuteteza mitengo. Kuchokera apo sukulu ndi zipatala zimamangidwa ndi mabuloko a simenti kapena njerwa za dothi losakaniza ndi simenti zopanikizidwa pa makina. Womanga amene adazolowera njerwa zootcha zokha amavutika ndi mabuloko: mizere yake imaonekera poyera, ndipo kulakwitsa pang'ono sikubisika ndi matope. Kuphunzira kuumba ndi kumanga mabuloko, kuphatikizapo kuwathirira madzi kwa masiku osachepera asanu ndi awiri kuti alimbe, ndi njira yachidule yolowera pa ntchito za makontirakitala.

Namondwe wa Ana mu January 2022 ndi wa Freddy mu March 2023 adagwetsa nyumba zambiri m'chigawo cha kummwera, kuphatikizapo m'boma la Zomba. Malangizo a boma a kamangidwe ka nyumba zolimba, omwe adalembedwa chitachitika chivomezi cha ku Karonga cha mu December 2009, amatchula zinthu zomwe mmisiri aliyense angazithe: kukweza maziko kuti madzi asalowe, kuyala pulasitiki yotchinga chinyezi pamwamba pa maziko, kuika bimu yozungulira nyumba yonse, ndi kumangirira mitengo ya denga ndi waya wolowa mizere ingapo m'khoma. Mmisiri amene amatha kufotokozera mwini nyumba chifukwa chomwe denga la mnzake lidauluka amapeza ntchitoyo ngakhale mtengo wake utakwererapo.

Owotcherera zitsulo akupindula ndi kusowa kwa matabwa abwino. Mitengo ya paini ya pa phiri la Zomba idachepa kwambiri, mbawa ndi mlombwa n'zosowa ndipo kuzidula kapena kuzinyamula popanda chilolezo cha nthambi ya zankhalango ndi mlandu. Anthu ambiri tsopano akufuna mafelemu, mawindo ndi zitseko zachitsulo. Mdani wa wowotcherera ndi kuthimathima kwa magetsi, monga zidachitikira kwa nthawi yoposa chaka Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira. Amene ali ndi jenereta amatenga makasitomala a anzake onse pa nthawi yotere, ndipo n'chida chomwe ambiri amachigula ndi ngongole ya banki m'khonde.

Kalembera wa 2018 adapeza kuti nyumba pafupifupi 11 mwa 100 zilizonse m'dziko muno ndizo zimaunikira ndi magetsi a ESCOM. Zotsalazo ndi msika wa oika ndi kukonza sola. Chimodzimodzinso mijigo: mjigo wa Afridev womwe uli m'midzi yambiri, umene chiyambi chake chidali ku Malawi konkuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 pansi pa dzina la Maldev, uli ndi timipira ndi tizipangizo ta pulasitiki tomwe timatha ndipo timafunika kusintha nthawi ndi nthawi. Makaniko wa m'dera amene wagwirizana ndi makomiti a mijigo khumi kapena makumi awiri kuti aziyendera mjigo uliwonse kangapo pachaka amakhala ndi kandalama kodziwika, chinthu chomwe amisiri ambiri alibe.

Za foni ndi Facebook n'zosachita kutalikitsa. Zithunzi za ntchito yomalizidwa pa WhatsApp zimafika kwa anthu a mumzinda wa Zomba omwe ali ndi malo ku Domasi, komanso kwa omanga nyumba zogona ophunzira a University of Malawi cha ku Chikanda. Chofunika kwambiri ndi kusasinthasintha nambala, chifukwa kasitomala wa zaka zitatu zapitazo akaimba n'kupeza kuti siikupezeka, amaimbira wina.

Ntchito ikakula

Oda yaikulu ili ndi ngozi yake. Maofesi a boma ndi makontirakitala ambiri salipira ntchito isanathe, ndipo malipiro amatha kuchedwa miyezi. Pa ndalamazo amachotsanso msonkho wa withholding tax, womwe mmisiri ayenera kuuwerengera potchula mtengo ndi kutenga satifiketi yake kuti akaionetse ku MRA. Kalipentala amene watenga ngongole ya katapira kuti agule matabwa a madesiki 100, n'kudikira cheke miyezi isanu, amapeza kuti chiwongoladzanja chadya phindu lonse ndi mpamba womwe. Asanavomere ntchito yotere, amisiri odziwa amafuna kuona pepala la oda losainidwa ndi ofesi yogula, amafunsa amene adagwirako ntchito kale kuti adalipidwa patapita nthawi yaitali bwanji, ndipo amasiya benchi imodzi ikugwirabe mabedi ndi mipando ya anthu a pamudzi omwe amalipira pompopompo.